Dovu la Galu Wanga

Galu amene ndikumukumbuka pano sanali wokongola, ndipo sindimunamizira kukongola chifukwa choti anafa. Anali galu wamba wa kumudzi, wofiirira, nthiti zake zooneka ngakhale atakhuta, nsonga za makutu zodyeka ndi ntchentche. Amuna anga ndiwo anabwera naye ali kamwana, atamuika m'katoni pa keliyala ya njinga. Ine tsiku limenelo ndinakalipa. Ndinati pakhomo pano odyetsedwa akwana kale, wina wa miyendo inayi ngwachiyaninso? Chaka chisanathe, ndine amene ndinkamusungira mitu ya mlamba.

Kwathu ndi kwa Makhuwira, tsidya lina la Shire. Kwa Tengani ndinabwera ndi ukwati komanso ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndinakhala pakati pa abale a amuna anga monga amachitira kuno. Nyumba yathu inkayang'anizana ndi ya alamu anga, akulu awo a amuna anga. Pakati pa nyumba ziwirizi panali mtengo waukulu wa msawu, ndipo khola lawo la ng'ombe linali chapambali. Tinali oyandikana kwambiri moti wina akatsokomola uku, uko ankadziwa kuti chifuwa chafika.

Dzina la galuyo sindililemba, koma ndiyenera kunena za dzinalo, chifukwa nkhani yonse inagona pamenepo. Kuno galu sapatsidwa dzina lachabe. Mawu amene munthu walephera kuuza mnansi wake pamaso, amawapereka kwa galu, kenaka nkumawaitana mokweza m'mawa ndi madzulo popanda womuimba mlandu. Nthawi imene kagaluko kanabwera, amuna anga anali atangokangana ndi akulu awowo pa za dimba la kumtsinje limene bambo awo anasiya. Dimbalo anatenga ndi alamu. Amuna anga sanapite kubwalo, sanatukwane. Anangotcha galu dzina lofunsa ngati mundawo adzapita nawo kumanda. Tsono tsiku lililonse funso limenelo linkamveka pabwalo pathu, galu nkumabwera akugwedeza mchira, alamu ali pakhonde pawo nkhope gwa.

Amene anatsogola kumanda ndi amuna anga, ndipo sanapite ndi kanthu. Maliro atatha, abale ankayembekezera kuti ndimanga katundu nkubwerera kwa Makhuwira. Sindinapite. Ntchito yanga inali kuno, njerwa za nyumbayo ndinaumba nawo, ndipo ana anga, amene anali kale kutauni, kwawo kunali konkuno. Ndinatsala ndekha ndi galu. Dzina lake ndinapitiriza kuliitana, pakuti galu wamkulu sungamusinthe dzina ngati malaya. Ena ankati ndikuchitira dala. Anene zimene anganene, ine ndinkangoitana galu wanga kuti adye.

Kusamala galu m'chigwa chino ndi ntchito, ndipo anthu amakuseka ukamaigwira. Kwa ambiri galu amadya zimene wapeza kudzala, akadwala amadya udzu, akafa amatayidwa kuthengo. Ine ndinkamuphikira phala la gaga kapena la mapira m'kampoto kake, nkuthiramo msuzi wa mitu ya nsomba. Mafupa akuthwa a mlamba ndinkayamba ndachotsa, chifukwa tsiku lina fupa linamutsamwa ndipo ndinachita kulowetsa zala kukhosi kwake. Phalalo ndinkaliziziritsa kaye, pakuti anali wosusuka, ankatha kupsa pakamwa. Madzi ankamwera m'beseni la buluu losweka mkombero, limene ndinkaliika pansi pa msawu ndi mwala m'kati kuti asaligubuduze. Akazi a alamu anga akandiona ndikupepeta gaga, ankaseka nkunena kuti, "Madamu akuphikira mwamuna wawo watsopano." Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkati, ameneyu ndiye sanandifunsepo kuti ndibwerera liti kwathu.

Zida zomusamalira ndinali nazo zanga. Panali chipeso cha mano othithikana chimene ndinkapesera ana anga aakazi ali ang'ono, burashi yakale ya nsapato za amuna anga, kasizasi kodulira ulusi, ndi chiguduli chomupukutira. Zonsezi zinkakhala m'chitini chopachika pakhonde. Loweruka masana ndinkakhala pa mphasa, galu nkuika mutu pamwendo panga, ine nkuyamba ndi makutu. Nkhupakupa zimakonda m'makutu, pakati pa zala ndi pansi pa mchira, ndipo ukakhala pafupi ndi khola la ng'ombe sizitha. Ndinkazizula imodziimodzi nkuziponya m'kachitini ka palafini. Nthawi ya mvula kunkabwera mphutsi zija zolowa pakhungu, zimene umachita kufinya ngati chithupsa. Iye ankalira pang'ono, kenaka nkundinyambita dzanja lomwelo. Kunsonga za makutu ndinkapaka mafuta odzola kuti ntchentche zisiye kudya chilonda. Chaka chilichonse akalengeza za katemera wa chiwewe, ndinkamumanga chingwe nkupita naye ndekha, ndikudutsa pakhomo pa alamu anga dzuwa likuswa mtengo.

Galuyo naye ankagwira ntchito yake. Ankandiperekeza mpaka pamsewu popita kusukulu, nkubwerera kukalonda nyumba. Sankasiyanitsa za uku ndi za uko. Mbuzi za alamu zikalowa m'mapira mwa eni, ndiye ankazibweza. Afisi akayandikira khola lawo, ndiye ankauwa mpaka amuna atatuluka. Ng'ombe zimene ankazilondazo ndizo zinkamupatsa nkhupakupa, koma palibe wa kunyumba ija amene anamuponyerapo ngakhale mkute.

Chaka china, kutentha kwa Okutobala kutafika pachimake, galu anayamba kudzikanda mosalekeza. Ubweya unathothoka m'khosi ndi m'miyendo, khungu linada nkuchita makwinya, ndipo ankanunkha. Zinali mphere, nkhupakupa nazo zili mbwee. Chipeso changa chinalephera. Aliyense wodutsa anali ndi malangizo ake. Wina anati mupakeni oyilo wakuda wa kuchigayo. Wina anati musambitseni mankhwala opopera thonje, amene kuno amapezeka m'nyumba iliyonse ndipo apha agalu ambiri kuposa afisi. Ndinakana zonsezo. Ndinakwera njinga kukafuna alangizi a ziweto.

Alangiziwo anandipatsa kabotolo ka mankhwala osungunula m'madzi, omwe aja amasambitsira ng'ombe za nkhupakupa, nandionetsa muyeso wa galu. Kenaka anandichenjeza bwinobwino. Anati, "Mayi, mukamusambitsa musadabwe. Agalu ena amafooka, amadzandira ngati oledzera, amatuluka dovu, chakudya amakana. Zimatha zokha pakapita tsiku kapena masiku awiri. Mumumange pamthunzi, madzi akhale pafupi, asanyambite thupi likadali lonyowa. Ndiponso auzeni anansi anu, chifukwa anthu akaona dovu pa galu amaganiza zina."

Mawu omalizawo ndinawagwira ndi manja awiri. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndisanathire nkomwe mankhwala m'madzi, ndinawoloka bwalo kupita kwa alamu. Ndinawapeza pakhonde akusema goli la ng'ombe, akazi awo akupuntha mapira chapafupi. Ndinagwada monga mwa ulemu.

"Alamu, ndabwera kudzakudziwitsani. Lero ndikusambitsa galu mankhwala a mphere. Alangizi anena kuti akhoza kudzandira ndi kutuluka dovu masiku awiri. Si chiwewe ayi, ndi mankhwala. Ndimumanga pamsawu apo. Mawa ndikakhala kusukulu, wina akadabwa, chonde mumuuze."

Alamu sanakweze mutu. Anati, "Tamva, mulamu."

Akazi awo anaseka, akutchula galu monga amatchulidwira kuno, nati, "Mwanambwa nayenso ali ndi dokotala wake tsopano? Ife mutu ukawawa timangomanga duku."

Ndinabwereza kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati ndikuphunzitsa ana a sitandade wani. Kudzandira, dovu, masiku awiri. Alamu anati, "Tamva, tanena kale."

Mankhwalawo atalowa m'madzi anayera ngati mkaka, fungo lake lolasa m'mphuno. Ndinavala mapepala a pulasitiki m'manja nkumusambitsa ndi chiguduli, kusamala maso ndi pakamwa. Ndinakhala naye mpaka anauma, nditagwira mutu wake kuti asadzinyambite. Pofika madzulo zimene ananena alangizi zinayamba. Galu anaimirira kuti andilonjere, miyendo yakumbuyo nkupita kwina. Dovu linkatsika ngati ulusi. Phala analinunkhiza nkutembenuka. Mtima unandipweteka, koma sindinachite mantha, pakuti ndinali nditauzidwa. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri, sanadzikande.

M'mawa mwake ndinamupeza atagona pomwepo, maso olemera, mchira ukugunda pansi mwaulesi. Ndinadzaza beseni, ndinaonetsetsa kuti chingwe ndi chachifupi koma chofika pamadzi, ndinamusisita pamutu nkumuuza kuti ndibwera msanga. Alamu anali pakhonde pawo, goli lija lili pamiyendo. Ndinawapatsa moni nkulozera galuyo. Anagwedeza mutu.

Poweruka ndinadzera pamjigo. Amayi amene ankatunga madzi atandiona anasiya kupopa. Mmodzi, mayi wachikulire amene tinkaimba naye kwaya, anandithamangira nkundigwira mkono.

"Madamu, Mulungu ngwamkulu, mwapulumuka! Galu wanu anapenga. Koma musaope, athana naye."

Sindinamvetse msanga. Ndinafunsa kuti athana naye bwanji. Iwo anandifotokozera onse pamodzi, mosangalala, ngati anthu amene azimitsa moto usanagwire nyumba. Bambo wina wogulitsa nsomba pa njinga, mlendo m'mudzimo, anapatuka pakhomo pathu kudzapempha madzi akumwa. Ataona galu akudzandira dovu lili chuchuchu, anakuwa kuti chiwewe. Anthu anathamangira komweko ndi miyala ndi mipini. Mayi wa kwayayo anati ena anakayika, chifukwa galuyo anali womangidwa ndipo sankauwa, ndiye anafunsa alamu anga ngati akudziwapo kanthu.

"Nanga anati chiyani?" ndinafunsa.

"Anati, 'Ife nkhabe kudziwa, sitikudziwa ayi. Mwini wake sanatiuze kanthu.' Ndiye anthu anati tisadikire kuti alume mwana."

Galu wanga ndinamupeza pansi pa msawu, chingwe chikadali m'khosi. Sindilemba mmene ankaonekera. Ndingonena kuti sanathawe chifukwa ine ndinamumanga, ndipo ndinamumanga chifukwa ndinakhulupirira mawu akuti tamva. Beseni linali pomwepo, madzi akadalimo, mwala wanga uli m'kati ndi miyala ina iwiri imene sindinaikemo ine.

Anthu a miyalawo sindinawasungire mangawa, ndipo mpaka lero sindiwada. Chiwewe kuno si nthano. Amene anaonapo munthu akumwalira nacho saiwala, ndipo mayi aliyense wa mwana wamng'ono akamva liwu limenelo amatola chili pafupi. Wansomba uja anachita zimene akanachita kwawo. Koma panali anthu awiri amene ankadziwa, amene anangofunika kutsegula pakamwa nkunena mawu atatu okha, akuti ndi mankhwala chabe. Mmodzi anakhala pakhonde ndi goli lake, wina anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

Ndinapita kwa alamu ndisanavule ndi nsapato zomwe. Ulendo uno sindinagwade.

"Alamu, dzulo ndinabwera pano kapena sindinabwere?"

"Munabwera, mulamu."

"Ndinanena chiyani?"

"Penu, kaya. Munanena zambiri. Ife ndife okalamba, za mankhwala a azungu sitizigwira. Ndipo tikanati si chiwewe, galu nkuluma mwana wa eni, mlandu ukanakhala wa yani?"

"Galu womangidwa, wolephera ndi kuimirira komwe, akanaluma mwana wa yani?"

Akazi awo ndiwo anayankha. "Iii, madamu, mpaka misozi? Mwanambwa basi. Agalu ali mbwee m'mudzi muno, tikupezerani wina. Koma ameneyo mudzamutche dzina labwino."

Pamenepo ndinamva zonse. Ndinatembenuka nkubwerera kwanga, chifukwa zimene zinali pakamwa panga zikanandifikitsa kubwalo la milandu.

Galu saliridwa maliro. Palibe amene amabwera kudzakukhazika pansi, palibe wobweretsa nkhuni kapena ufa. Ukalira, amati wayamba misala kapena uli ndi zina zimene unkachita ndi galuyo. Anthu anandiuza kuti ndimukokere kuthengo, ena anati ndimutenthe poti ngwachiwewe. Ndinatenga khasu nkukumba kuseri kwa nyumba, dothi la chilimwe lolimba ngati simenti, manja mpaka matuza. Ndinamukulunga m'chiguduli chake chija. Pomunyamula ndinaona kuti khungu la m'khosi linali litayamba kale kuuma bwino, ndipo nkhupakupa zinali zitayoyoka zokha. Mankhwala anali atagwira ntchito.

Masabata otsatira anali owawa m'njira zing'onozing'ono. Ndinkapezeka ndapatula mitu ya nsomba pambale, kenaka nkukumbuka. Loweruka masana manja ankasowa chochita. Chitini cha chipeso ndi burashi chinakhalabe pakhonde, ndipo sindinathe kuchitsitsa. Kumsika anthu ankandiyamikira kuti ndinapulumuka, ena nkumandilangiza kuti ndipite kuchipatala akandibaye poti ndinkagwira dovu lake. Poyamba ndinkafotokoza za mankhwala. Ankandimvera mwaulemu, kenaka nkunena kuti, "Komabe, madamu, dovu ndi dovu." Ndinatopa nkusiya. Pabwalo pathu panakhala bata limene alamu ankalifuna kwa zaka zambiri. Madzulo palibe amene ankafunsanso za munda ndi manda. Moni tinkapatsana, pakuti anthu oyang'anizana makomo sangaleke kupatsana moni, koma wanga unkatuluka ngati ndikulavula mankhusu.

Nthawi zina ndinkadzifunsa ngati mwina anaiwaladi. Munthu wamkulu, dzuwa la Okutobala, anthu akukuwa pabwalo, mutu ukhoza kusokonezeka. Ndinkafuna kuti zikhale choncho, chifukwa kukhala moyandikana ndi munthu woiwala nkopepuka kusiyana ndi kukhala moyandikana ndi munthu amene anakumbuka nakhala chete.

Mvula yoyamba itagwa, udzu utaphuka, nkhupakupa zinabuka m'khola mwa alamu. Thole lawo lina, la ng'ombe imene ankaikonda kwambiri, linadzaza nazo m'makutu ndi kumimba mpaka linayamba kuonda. Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa pakhonde, ndinaona alamu akuwoloka bwalo, chipewa chili m'manja. Chimwalirire amuna anga alamu anali asanapondepo pakhonde panga. Ndinawapatsa mpando.

Anayamba ndi za mvula, za mapira, za ana kutauni. Kenaka anafika pa chimene anadzera.

"Mulamu, mankhwala aja munasambitsira mwanambwa, alipo otsala? Thole langa likutha. Alangizi akuti ali kutali sabata ino."

Ndinati alipo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kabotolo kaja pamwamba pa kabati pamene ndinakasiya tsiku lija, nkuwapatsa. Anakazunguza m'manja, nakayang'ana padzuwa kuti aone mmene atsalira. Kenaka anafunsa, mosaganizira nkomwe, ngati munthu wofuna kungotsimikiza zimene akuzidziwa kale.

"Paja munati chiweto chikadzandira ndi kutuluka dovu tisadandaule, eti? Zimatha pa masiku awiri, bola pamthunzi ndi madzi pafupi?"

Ndinawayang'ana. Sanaphonye ndi liwu limodzi lomwe. Mawu anga onse a Lamulungu lija anali nawo, osungidwa bwino ngati mbewu ya chaka chamawa. Iwo anazindikira mochedwa chimene anena. Anayang'ana pansi, nayamba kupukuta kabotoloko ndi malaya ngati kali ndi fumbi.

"Eya, alamu," ndinatero. "Ndi momwemo. Mwakumbuka bwino."

"Takhuta," anathokoza motsitsa mawu, nanyamuka.

Ndikanatha kuwamana. Ndikanatha kuitana mudzi wonse kuti udzamve zimene makutu anga anamva. Koma thole silinandilakwire, ndipo mudzi ukanangoti madamu ayambanso za galu wawo uja.

Analisambitsa tsiku lomwelo. Mthunzi wabwino pabwalo ponsepo unali umodzi wokha, choncho analimanga pamsawu. Madzulo akazi awo anabwera kudzabwereka chomwera madzi, poti ndowa zawo zinali ndi ntchito, ndipo maso awo anagwera pa beseni la buluu limene linali chivundikire pakhonde. Ndinawauza kuti atenge.

M'mawa popita kusukulu ndinalipeza tholelo litafooka, mutu uli pansi, dovu likutsika. Alamu anali atakoka mpando nkukhala pambali pake penipeni, ndodo ili pamiyendo. Mayi wina wopita kumjigo anaima nkufunsa kuti ng'ombeyo yatani. Ndinamva alamu anga akuyankha mokweza, mawu omveka mpaka kumsewu.

"Palibe kanthu, mayi, pitani. Ndi mankhwala chabe."